Musamaitseke, Alamu

1

Kompyuta yanga inayamba kudwala pang'onopang'ono, ngati munthu wobisa matenda.

Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndipo nthawi imeneyo makina anga ankakhala pakhonde la kuseri kwa nyumba yathu. Bambo a ana anga amayendetsa makina okumba misewu. Ntchito yawo inkawatengera kutali, kumene ankatha miyezi osaoneka pakhomo. Choncho zonse zinali pamutu panga: chakudya, fizi, lendi, nsalu, ulusi. Kuti mutu usandizungulire, ndinkalemba chilichonse mu pulogalamu yosungira za ndalama imene mlamu wanga anandiikira pa laputopu.

Mlamu ameneyu ndi mng'ono wawo wa amuna anga. Anali wosakwatira, waulemu, wolankhula motsitsa mawu, ndipo ankagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina. Ana anga akangomuona pageti ankathamanga akukuwa kuti, “Bambo aang'ono abwera!” Babu likapsa ndiye ankasintha. Mpopi ukadontha ndiye ankabwera ndi sipanala.

Ndinali ndi chizolowezi chojambula lisiti lililonse n'kuliika mufayilo yomweyo, ngakhale la singano. Zaka zitadutsa, pulogalamu ija inayamba kukwawa. Ndikaitsegula ndinkatha kuika madzi pamoto, kusesa pabalaza, n'kubwerera kagudumu kapasikirini kakungozungulirabe. Ndikalemba nambala, inkatulukira nditaiwala kale chimene ndagula.

Ndinamuitana mlamu. Anakhala pampando, n'kudinadina kwa kanthawi, kenako anaseka.

“Fayilo yanenepa, alamu. Mwaidyetsa malisiti mpaka ikulephera kudzuka.”

“Ndiye nditani? Ndifufute?”

“Ayi, mungalire pambuyo pake. Vuto lili potsegula. Musamaitseke, alamu. Muzingoisiya yoyaka, ili pamagetsi, chivundikiro chili chotsegula. Koma pabalaza pano ana aigwetsa. Kaiikeni kuchipinda kwanu, patebulo la galasi paja.”

Anaitenga kuti akaipukute mkati, n'kuibweza mawa lake. Ndinaiika pamene ananena, moyang'ana bedi. Ndinamuthokoza, mpaka ndinamusokera malaya.

2

Pasanapite nthawi, mafoni a amuna anga anasintha.

Tsiku lina masana ndinkapinda zovala kuchipinda ndi mng'ono wanga, amene ankakhala nafe podikira kuitanidwa ku sukulu ya unamwino. Ndinausa moyo n'kunena kuti, “Nthawi zina ndimatopa ine. Kukhala ngati wamasiye mwamuna ali moyo.” Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawa lake foni inalira.

“Ndamva kuti ndiwe wamasiye,” anatero amuna anga, opanda ngakhale moni. “Maliro anga analiko liti?”

Ndinafunsa kuti, “Mwamva kwa ndani?”

“Zimenezo zisiye. Ine ndikupsa ndi dzuwa kuno chifukwa cha iwe ndi ana, iwe uli pamthunzi n'kumandiika m'manda.”

Ndinapepesa, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikupepesera. Patapita masiku, ahedi a sukulu ina anandiimbira za mayunifolomu. Ndi bambo wachikulire wokonda nthabwala, ndipo ndinaseka nawo ndili kuchipinda komweko. Madzulo ake foni ija inabweranso.

“Ahedi aja amakuseketsa kwambiri, eti? Ine ndikaimba suseka choncho.”

Ndinapita kukhonde kumene mng'ono wanga ankasokerera mabatani. Mtima unali utawira kale.

“Iwe, akukupatsa chiyani alamu akowo?”

Anadzutsa mutu. “Achemwali, mukuti chiyani?”

“Zimene ndimalankhula m'nyumba muno zikufika kumsewu kumene ali. Tilimo akuluakulu awiri. Kapena makomawa agula foni?”

“Ine? Nambala yawo ndilibe n'komwe. Onani foni yanga iyi.”

“Kufufuta sikuvuta.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, singano ili m'manja. Sanalire. Analowa m'nyumba, analongedza chikwama chake, n'kutsanzika ana. Ali pageti anatembenuka.

“Tsiku lina mudzadziwa, achemwali. Ndikungopempha kuti lisadzachedwe.”

Anabwerera kwa amayi. Ine ndinadziuza kuti ndachotsa munga.

3

Amuna anga anabwera kudzapuma masiku ochepa. Atangolowa kuchipinda, asanavule n'komwe nsapato, anatseka laputopu ija n'kuiponya muwadilopu pansi pa mabulangete.

“Ikavuta kutsegula mudzandithandiza ndinu?” ndinafunsa.

“Kuwala kwakeko kumandinyansa.”

Tsiku lonyamuka anaitulutsa okha n'kuibwezera patebulo. “Iyatse, ungaiwale kulemba zako zija.” Ndinaona ngati akuyamba kundiganizira.

Koma mafoni aja sanasiye. Mng'ono wanga kunalibe, komabe mawu anga ankafika kumsewu. Ndinayamba kukayikira mayi woyandikana nafe. Ndinkatseka mawindo dzuwa likuswa mtengo. Ndinayamba kulankhula monong'ona m'nyumba yangayanga, ndipo ana akafunsa chifukwa chake ndinkangoti mutu ukundipweteka.

Panali nsalu yofiira imene inatsala pa ntchito ina. Ndinadzisokera diresi, lothina pang'ono kuposa amene ndimavala. Ndinaliyesa kamodzi kokha, ndili ndekha, chitseko chokhoma. Nditadziona pagalasi ndinachita manyazi, n'kulipinda n'kuliika pansi pa sutikesi.

Kumapeto kwa sabata mlamu anabwera ndi mabisiketi a ana. Tikumwa tiyi pabalaza anandiyang'ana akumwetulira.

“Lofiira lija bwanji simulivala, alamu? Limakukhalanitu.”

Ndinaika kapu patebulo. “Mwaliona kuti?”

“Si linali pachingwe tsiku lija?”

Diresi limenelo linali lisanalawe madzi. Koma ndinadzikayikira ndekha. Ndinati mwina ana analitulutsa, mwina analiona pamakina ndisanalimalize. Munthu ukamamudalira, mtima umamupezera zifukwa iye asanazipemphe.

Sabata yotsatira pulogalamu ija inaimiratu. Laputopu inkatentha ngati simbi, fani yamkati ikulira osapuma. Ahedi ankafuna chikalata cha katundu amene ndinawaperekera, ndipo popanda chimenecho ntchito ya chaka chotsatira ikanapita kwa telala wina. Ndinamuimbira mlamu.

“Ndili kunja kwa tauni, ndibwera ikatha sabata ino,” anatero. “Koma musapite nayo kwa anthu a mumsika. Amaba zipangizo zamkati amene aja. Mwamva, alamu? Musapite nayo kulikonse.”

Ahedi sakanadikira. Mmawa wake ndinaikulunga m'thawulo n'kukwera basi.

4

Kumsika waukulu kuli kanjira kopapatiza ka okonza mafoni. Kumapeto kwake kuli kashopu ka mayi wina wonenepa, wa magalasi okhuthala, amene aliyense amangomutcha Amawaya. Pakauntala pake panali mafoni ong'ambika, timabotolo ta tizitsulo ndi wailesi yolira motsitsa.

“Yadwala chiyani?” anafunsa.

Ndinafotokoza. Anailumikiza ku intaneti ya mushopumo, n'kuyang'ana kukula kwa fayilo, kenako anaimba mluzu.

“Mayi, inu mumajambula ndi lisiti la machesi lomwe? Fayilo iyi yasenza katundu wa lole.”

Anagwira ntchito akucheza. Anayamba wakopera fayilo yonse pa fulashi kuti chilichonse chisatayike. Zithunzi za malisiti anazisamutsira pazokha. Zaka zakale anazidula n'kuziika mufayilo ina, n'kusiya za chaka chino zokha. Atatsegulanso, pulogalamu inadzuka msanga kuposa kale.

“Basitu yachira,” ndinatero, ndikutsegula kachikwama.

“Dikirani.” Anaika dzanja pansi pa laputopu. “Katundu tamutsitsa, nanga ikupumirabe mwamba chifukwa chiyani?”

Nthabwala zinatha. Anazimitsa wailesi. Anatsegula malo ena odzaza timizere tosunthasuntha, n'kuloza kamodzi ndi chala.

“Aka munakaika ndinu?”

“Sindikadziwa n'komwe.”

“Kakubisala. Kakudya mphamvu kuposa pulogalamu yanu ija, ndipo kakutumiza zinthu kunja pompano.” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Imakhala pati kompyutayi kunyumba?”

“Kuchipinda.”

“Yotsegula?”

“Usana ndi usiku. Anandiuza kuti ndisamaitseke.”

Anaweramira pamwamba pa sikirini, pamene pali kadiso ka kamera, n'kuyamba kukanda pambali pake ndi chikhadabo. Kachidutswa ka penti wakuda kanagwera pakauntala. Pansi pake panali kanyali kobiriwira, kakuyaka.

“Kanyali aka kamayaka kamera ikamajambula,” anatero motsitsa. “Wina anakapaka kuti musakaone.”

Foni yanga inalira m'chikwama. Anali mlamu.

“Alamu, si ndinakuuzani kuti musapite nayo kwa anthu?”

“Mwadziwa bwanji kuti ndapita nayo?”

Ndinkamva kupuma kwake. Kenako mawu ake aulemu aja anabwera, koma ozizira ngati si ake.

“Muuzeni mayi wa magalasiyo asiye kugwiragwira zinthu zimene sakuzidziwa.”

Amawaya anamva. Anang'amba selotepi yakuda ndi mano n'kumata pakamera, kenako anazula waya wa intaneti. Ine ndinakhala pa kreti imene inali pakhomo.

“Muli zojambulidwa zina zimene zinali zisanatumizidwe,” anatero. “Simukukakamizidwa kuziona.”

“Tsegulani.”

Anatsegula kamodzi. Ndinaona bedi langa, katani yanga, ndi ineyo ndikuchokera kosamba. Ndinagwira dzanja lake kuti atseke.

“Osafufuta kanthu,” anatero akundipatsa madzi. “Ndikudziwa mukufuna kuiponya m'moto. Koma umboni wanu ndi womwewu.”

5

Ndinawaimbira amuna anga n'kungoti, “Bwerani, kuno kwagwa nkhani yosakambika pafoni.” Ndinkadziwa kuti adzakwiya koopsa, ndipo mantha anga anali akuti angamuvulaze m'bale wawo. Zonse ndinali nditazimvetsa, kapena ndinkaganiza choncho: mlamu ankandionera, n'kumatola mawu anga kukawapatsira akulu ake kuti banja lathu ligwedezeke.

Masiku odikira aja geti linali lokhoma. Tsiku lina masana ndinamva kugogoda kwapang'onopang'ono.

“Alamu, tsegulani tikambirane,” anatero kuseri kwa geti. “Musaphwasule banja pa zinthu zazing'ono.”

Ndinakhala chete kukhitchini, ana nditawagwira pakamwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Pochoka anasiya mabisiketi pansi pa geti.

Amuna anga anafika mmawa wina ana atapita kusukulu. Ndinawapempha kuti amuitane mng'ono wawo, ndipo anabwera atavala malaya amene ndinamusokera aja. Tinakhala pabalaza atatu. Ndinaika laputopu patebulo, selotepi ili pomwepo, n'kufotokoza zonse kuyambira pa penti mpaka pa zimene ndinaona.

Ndikulankhula, amuna anga ankayang'ana pansi. Nditatchula zosamba, anadzuka ngati alumidwa n'kumugwira mlamu pakhosi.

“Kamera? Kamera anakuuza ndani? Tinagwirizana mawu okha!”



Anazindikira chimene anena. Dzanja lawo linamasuka lokha. Ine ndinkawayang'ana, ndipo m'maso mwanga munabwera munthu akulowa kuchipinda ndi nsapato, n'kuthamangira kubisa laputopu pansi pa mabulangete.

“Mwati munagwirizana?” ndinafunsa.

“Amake ana, ndimvere kaye.”

Mlamu anakonza kolala yake mosafulumira. “Mawu okha simunkakhuta nawo, achimwene. Sabata iliyonse, ‘Wamva chiyani? Anali ndi ndani?’ Ine ndinkangofuna kutsimikiza.” Kenako anatembenukira kwa ine, akumwetulira ngati tsiku la tiyi lija. “Ndipotu ndinkakutetezani, alamu. Ndinkawauza kuti mulibe chibwenzi. Ine ndimakudziwani kuposa awa. Ndimadziwa nyimbo imene mumaimba mukakhala nokha. Ndimadziwa masiku amene mumalira.”

Ndinamuuza kuti atuluke, ndipo anatuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino ngati mlendo wolemekezeka.

Amuna anga anagwada. Anati kumsasa anzawo ankangokamba za akazi osakhulupirika, mpaka tulo tinawathawa. Anati ankafuna mwezi umodzi wokha kuti mtima ukhale pansi, koma atayamba kumva analephera kusiya.

“Munapeza chiyani?” ndinafunsa.

“Palibe.”

“Ndinamuthamangitsa mng'ono wanga inu mukudziwa kuti ndi wosalakwa. Munakhala chete.”

“Ndinkati zizizira zokha.”

“Pobwera munkaitsekera muwadilopu. Thupi lanu munkalibisa, mawu anu munkawabisa. Pochoka n'kunditsegulira ine.”

“Za kamera sindinkadziwa, ndikulumbira.”

Mwina ankanena zoona. Sizinasinthe kanthu.

6

Tsiku lomwelo ndinapita kupolisi ndi laputopu ndi fulashi. Amawaya anatseka shopu yake n'kundiperekeza. Apolisi anakamutenga mlamu kuntchito kwake, pamodzi ndi mafoni ndi makompyuta ake. Anawauza kuti zonse ankaonera n'kufufuta. Wapolisi wamkazi amene ankalemba nkhaniyo anandiuza mosabisa kuti palibe angalumbire kuti sanasunge kwina.

Apongozi anabwera akulira. “Mwananga, nkhani ya m'banja sapita nayo kubwalo. Onse awiri ndi ana anga. Ukufuna anthu atiloze zala?”

“Amayi,” ndinatero, “ine anandivula kale. Chatsala kuti chibisike n'chiyani?”

Ulendo wovuta kuposa yonse unali wa kwa mng'ono wanga. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndinagwada pathope pomwepo n'kumuuza zonse. Anamvetsera manja ali m'madzi. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

“Achemwali, galasi lalikulu linali kuchipinda kwanu kokha. Si ndinkavalira momwemo ine?”

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja a thovu, ndipo tinalira tonse.

Anandikhululukira, koma anati m'nyumba imene ija sadzapondamonso. Inenso sindinathe kugonamo. Ndinasamuka ndi ana n'kupeza kanyumba kakang'ono kumbali ina ya tauni. Ntchito ya ahedi ndinaipeza, ndipo makina anga akulirabe. Amuna anga amatumiza thandizo la ana ndi mauthenga opepesa. Thandizo ndimalandira. Mauthenga sindiyankha.

Mlandu sunathe. Mlamu ali kunja pa belo, ndipo analamulidwa kuti asandiyandikire. Mwezi watha ndikutsika basi ndinamuona tsidya lina la msewu, ataima pansi pa chikwangwani, manja ali m'thumba. Sanawoloke. Anangoweramitsa mutu mwaulemu, ngati mmene ankachitira kale. Ndinakanena kupolisi. Iye anati ankadikira basi.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa ena mwa inu muli ndi munthu amene amakukonzerani foni ndi kompyuta kwaulere, amene amadziwa mapasiwedi anu onse chifukwa ndi wachibale. Sindikuti mumuope. Ndikuti chinthu chikayamba kuchita zachilendo, kachionetseni kwa munthu wina amene sakukudziwani, ndipo wina akakuletsani kutero, dzifunseni chimene akuopa. Ndipo inu amene muli kutali ndi akwanu, mtima ukukusautsani ndi nkhani za anzanu, imbani foni mufunse, ngakhale mukangane. Amuna anga anali ndi funso limodzi lokha. Akanandifunsa pamaso ndikanawayankha tsiku lomwelo, ndipo lero bwenzi ana anga akudya ndi bambo awo.